Pomwe ayezi ankalekezera

Lolemba, Croydon. Miyendo ikuwawabe, mtima nawo sunakhazikike.

Dzulo ine ndi mwana wanga Tadala tinali m'mapiri a ku Switzerland, kukaona ayezi uja amakhala m'phiri chaka chonse. Wotitsogolera anationetsa zikwangwani m'mbali mwa njira, chilichonse ndi chaka chake, chosonyeza pomwe ayeziyo ankalekezera. Ndinapeza cha chaka chomwe ndinachoka ku Malawi. Kuchokera pamenepo kukafika pa ayezi, tinayenda pamiyala yokhayokha mpaka ndinakhala pansi kupumula.

Ndinati, "Tadala, mtunda wonsewu? Ine ndimangoona ngati ndabwera dzana."

Anandiyankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, n'kundilandira chikwama.

Amayi ku Zomba ndimawauzabe kuti ndibwera chaka chamawa. Lero sindinawaimbire. Ndikaimba ndiwauza chaka chiti...