Therere Lopanda Soda

Mwana wanga Tisa,

Moni kwa iwe, apongozi anga ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Chiparamba tilipo. Akundilembera ndi mlamu wako, koma mawuwa ndi anga.

Atate ako anatupa mapazi mpaka nsapato zinakana kulowa, kutchalitchi n'kuleka. Kuchipatala anati ndi bipi, ndipo anesi anandiuza kuti mchere ndichepetse, soda ndileke kuthira m'ndiwo. Atate ako atamva anati, "Amake Tisa, therere lopanda soda ndi msipu wa mbuzi. Ndizikadya kwa mlongo wanga."

Kwa mlongo wawo! Ine ndili moyo, mudzi wonse uziona mwamuna wanga akukapempha ndiwo? Ndinayamba kulawirira kudimba kukathyola therere lanthete lokhalokha. Ndimalidula ting'onoting'ono n'kuliphika ndi matimati pamoto wochepa, ndipo limaterera lokha. Tsiku loyamba anadya, napempha lina.

Dzulo ndikuswa nshawa kuseri, ndinawamva akudzitama kwa mlongo wawoyo kuti, "Kuyeza soda amadziwa ndi mkazi wanga yekha." Soda wake uti? Paketi unatumiza ija ndikutsukira mapoto.

Mankhwala akumwa ndithu, ndimawayimirira mpaka ameze. Pa Sondo anavala nsapato zawo zija, tinapita limodzi ku Misa, iwo patsogolo ngati mnyamata.

Tsono soda usatumizenso, mwana wanga. Utumize polishi wakuda. Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine,
Amai ako