Khofi Amene Sitidzamwa: Polira Mayi Thurayya Maaytah

Kwa a banja la Maaytah ndi anthu onse a mu Karak,

Ife a Bungwe la Makolo Ophunzitsa Ana Pakhomo talandira ndi mitima yosweka uthenga wa imfa ya Mayi Thurayya Maaytah, amene tonse tinkawatcha Umm Nayef, kutanthauza mayi ake a Nayef, ndipo sitibisa kuti misozi yathu yasakanikirana ndi mkwiyo.

Kwa zaka khumi ndi zinayi malemuwa anasandutsa khitchini yawo kukhala sukulu, nalimbitsa mtima mabanja makumi anayi amene anatsata mapazi awo. Mwana wawo Lujain atafunsa chifukwa chimene Nyanja ya Mchere simiza munthu, iwo sanamukalipire ayi. Anatenga dzira, mchere ndi mtsuko wa madzi, nayesa naye mpaka dziralo linayandama. Mtsikanayo anakula ndi mafunso ake, nakhoza mayeso a boma mochititsa kaso.

Komabe mkulu wolembetsa ophunzira pa yunivesite ina, imene sitiitchula lero, anamukana ati popeza kalata ya khalidwe lake inalibe chidindo cha mphunzitsi wamkulu. Kasanu ndi kawiri Umm Nayef anakwera basi kukachonderera, mtima ukuwavuta kale.

"Mayi, kani khitchini nayonso ili ndi ahedi?" ankawaseka choncho mkuluyo.

"Ahediwo ndine, mwana wanga. Tamufunsani mtsikanayu chilichonse, muone."

"Ine sindifunsa mafunso, ndimaona chidindo basi."

Ulendo wachisanu ndi chitatu sanaufike. Ndipo munthu yemweyo, manyazi atawasiya kunyumba, anabwera m'tenti ya maliro namwa khofi wathu wowawa makapu atatu!

Tsono amve bwino. Kalembera wa ophunzira atsekedwa Lachinayi la sabata yamawa, koma Lamulungu likudzali m'mawa, tsiku loyamba la ntchito kwathu kuno, tidzakhala tafika mu ofesi mwake, akuluakulu a mafuko ali patsogolo. Mwambo udzamukakamiza kutithirira khofi, ndipo aliyense wa ife adzaika kapu yake pansi osalawa, monga achitira mlendo wodza ndi pempho, amene samwa mpaka pempholo litavomerezedwa. Palibe mu Karak muno amene sadziwa manyazi a mwamuna amene khofi wake wazizira pamaso pa alendo. Ngakhale ana ake aamuna adzakumbutsidwa zimenezi tsiku lokafunsira mbeta.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupepesa kwa amuna awo a malemuwa, Abu Nayef, ndi ana awo Nayef ndi Lujain. Mulungu awachitire chifundo malemuwa, ndipo inu akupatseni mphamvu ndi kupirira. Lujain mwana wathu, pukuta misozi, ukonze mapepala ako. Khofi ameneyo sitidzamulawa mpaka dzina lako litalembedwa.

Aqla Sarayreh
Wapampando