Pulasitiki wa Amuna Anga Akundionongera Sopo

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimapanga sopo kunyumba. Ndinayamba mongoyesa, ndi poto wakale ndi zikombole zodula ku makatoni a mkaka. Pano mayi wina wa saluni ya mumsewu mwathu anandipatsa shelefu imodzi pafupi ndi galasi, ndipo sopo wanga wambiri amagulidwa pamenepo.

Ndimapanga mitundu iwiri. Wina ndi wa mafuta ndi soda, wosakaniza ndekha. Wina ndi woonekera mkati uja wa gilisalini, amene ndimagula chibuma, kusungunula, n'kuthiramo mtundu ndi fungo. Woonekerayu ndimangomusiya osakulunga poti ndi wokongola kale. Wa sodayo ndi amene timakulunga.

Vuto langa ndi pulasitiki, komanso si pulasitiki yekha ayi. Bambo a kunyumba amagwira ntchito mu shopu ya matiresi. Kale geni yangayi ankaiseka, ankati ana adzadya thovu. Ndiye tsiku lina anangotulukira ndi mpukutu wa pulasitiki wokhuthala uja amachotsa pa matiresi atsopano, amvekere: "Mayi, sopo wanuyu azioneka ngati wa mu shopu, asamayende wosavala." Kuyambira pamenepo, akaweruka amakhala pa tebulo ndi lula ndi sizasi, kudula mofanana, kukulunga sopo wongotuluka kumene m'chikombole, n'kumata m'mbali ndi kandulo. Amamata mwaluso moti ngakhale mpweya sulowa. Aphungu, chikwatirane sindinawaonepo atakhala pansi kundithandiza chinthu mpaka kuiwala mpira wa pa wailesi. Ndimasangalala, ndisaname.

Koma sopoyo akakhalitsa pa shelefu, mkati mwa pulasitiki mumadzaza timadzi. Amafewa, amaterera, wina watuluka madontho achikasu ndi kafungo ka mafuta ogona. Woonekera uja nayenso akuchita thukuta ali pamtetete pomwepo, fumbi ndi titsitsi ta mu saluni n'kumamatirira. Mayi wa saluni anandiitanira pambali n'kundiuza mofatsa kuti: "Achemwali, ine ndimakukondani, koma katundu wotsatira akabwera chonchi, shelefuyi ndipatsa wina."

Mnzanga wandilangiza kuti ndiziwasiya abambowo akulunge, ine n'kumakamasulira kunyumba kwake mwakachetechete. Ndichite zimenezo? Ndikuopa kuti ndikawauza anyanyala, osadzakhalanso pa tebulo paja. Nanga pulasitiki woyenera sopo ndi uti?

E. T. N., kuseri kwa msika

Mayi E. T. N.,

Mtima pansi, sopo wanu sanalodzedwe. Mwangomuveka mosinthanitsa: wofuna mphepo mwamutsekera, wofuna chofunda mwamusiya panja.

Tiyambe ndi wa soda. Ameneyu amatuluka m'chikombole madzi adakali ambiri m'thupi, ngakhale kunja akuoneka wouma. Amafunika kukhala mwezi kapena kuposerapo ali motalikirana, pamthunzi podutsa mphepo, inu mukumamutembenuza, mpaka alimbe ndi kupepukako. Mukamumata akadali wamuwisi, madzi aja amasowa kolowera n'kubwerera kwa mwini wake. Timadzi mukuonato ndi timeneto. Apa palibe njira yachidule, kuona maso a nkhono n'kudekha. Akauma bwinobwino mumange lamba wa pepala pakati, mitu yonse ili poyera, kuti wogula azinunkhiza. Ngati mukufuna pulasitiki kaamba ka fumbi, sankhani timatumba topyapyala tooneka mkati, mubooleko timabowo kapena musiye kukamwa kosamata.

Wa gilisalini ndi wa khalidwe lina. Amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo mu saluni, mmene muli madzi otentha ndi nthunzi tsiku lonse, ndiye kwawo kwa chinyezi. Ameneyu akangozizira n'kulimba, musachedwe, mukulungeni zolimba. Gwiritsani pulasitiki wopyapyala womata uja timaphimbira zakudya, mum'koke mpaka makwinya athe. Mukapeza uja amakwinyika akamva kutentha, ndiye bwino kwambiri, ndipo chowumitsira tsitsi cha mayi wa saluniyo chikhoza kukuthandizani pomumata. Kukongola kwake sikubisika, kumaonekerabe.

Pulasitiki wa matiresi mumupumitse. Anapangidwira kutsekereza madzi ndi fumbi la m'magalimoto, wakwekwerezeka m'nyumba zosungira katundu, ndipo sopo ndi chinthu chopita pakhungu la munthu. Kandulo nayo imasiya mwaye m'mbali. Ngati mpukutuwo watsala, yalani pa tebulo posakaniza soda, ugwira ntchito yabwino pamenepo.

Sopo amene watuluka madontho ndi fungo, mafuta ake aonongeka. Musamuveke chovala chatsopano n'kumubwezera pa shelefu, chimenecho n'chikomekome cha mkuyu ndipo wogula akangopeza nyerere kamodzi sabweranso. Wongofewa koma wosanunkha, mumasuleni, aume, muzichapira kunyumba. Kenako pitani kwa mayi wa saluni mukamuuze zimene mwapeza. Mumupemphe kuti ulendo uno mubweretse wa gilisalini yekha, wokulunga bwino, pamene winayo akuuma. Munthu amene anakuitanirani pambali m'malo mokuyalutsani pagulu amva.

Tsopano za abambo. Malangizo a mnzanuwo ndawakana. Mudzakhala mukugwira ntchito imodzi kawiri, ndipo tsiku limene adzadutse pa saluni n'kuona sopo wovala zina, chidzawapweteke si pulasitiki koma kuti madzulo onse aja munkawayang'ana akuvutikira chinthu chokataya.

Musawauze ngati mlandu. Tengani sopo awiri a chikombole chimodzi, wina iwo amate monga mwa masiku onse, wina mumusiye pamphepo, muwaike pamodzi pamwamba pa kabati. Pakapita masabata apatseni amasule okha ndi kugwira ndi manja awo. Munthu wodula ndi lula sakangana ndi zimene waona. Ndipo muwauze zoona zinazi, zomwe ndi zokoma: sopo wa gilisalini akusowa munthu wodziwa kumata osasiya mpata, ndipo munthu ameneyo ali m'nyumba mwanu momwemo. Malamba a mapepala aja nawonso afuna dzanja lowongoka.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musadikire kuti shelefu ipite kaye ndiye muyankhule, chifukwa pamenepo mudzayankhula ndi mkwiyo ndipo iwo adzangomva kuti ndi amene anakugwetserani geni. Akhoza kukhumudwa tsiku limodzi kapena awiri, zimenezo zisakuopseni. Bambo amene amaweruka atatopa n'kukoka mpando sakukonda pulasitiki ayi, akufuna kukhala nawo pa ntchito yanu. Auzeni lero, mpando wawo uli pomwepo.

Aphungu