Njinga ya Bambo Ilibe Mlandu

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno tilipo. Mlongo wanga Alinafe anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Kachewere wachita bwino chaka chino, koma chimanga chakumunsi mbozi zatilanda.

Chimene ndakulemberani ndi nkhani ya "mkazi mnzanu" uja, monga munkaitchulira njinga yamoto ya malemu bambo. Amalume agamula kuti Loweruka igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Akuti, "Chimenechi chinandiphera mlongo wanga, chichoke pakhomo pano basi."

Mukukumbukira mmene inabwerera? Wansembe wa ku Italy uja ankapikisana nayo m'mapiri a kwawo asanalowe unsembe, n'chifukwa chake inalibe nyali ngakhale pokhala munthu wachiwiri. Pobwerera kwawo atakalamba, anaisiyira bambo, katekisiti wake, ndipo iwo anakhomerapo thabwa kuti inu muzikhalapo. Mvula ikagwa magalimoto n'kumatitimira, iyo yokha inkakwera zitunda mpaka ku Boma. Amayi oyembekezera a ku Midzemba kuno amene inawafikitsa kuchipatala, angawawerenge ndani? Inu munkadandaula za phokoso lake, chonsecho ndinu amene munkasunga kachitini koyezera oyilo. Munkati, "Ameneyu ndi wamwambo, samwa petulo wosasakaniza ndi oyilo."

Amayi, m'mawa uja munakomoka, ndinathira petulo, ndipo oyilo ndinaiwala. Ndinakumangirirani kumsana kwanga ndi chitenje, tinanyamuka. Pa chitunda chachiwiri injini inatentha n'kugwira, osazunguliranso. Pamene tinkapeza ngolo, dzuwa linali litapendeka, ndipo kuchipatala munafika musakuyankhanso. Munkandiuza kawirikawiri kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limenelo sindinadekhe.

Aliyense akuti njingayo inafa ndi ukalamba. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala chete, anthu akuitukwana, ine n'kumavomereza nawo. Ndikaiona kukhonde itafundidwa masaka, mtima umandipweteka, ndipo manyazi amandigwira.

Lachisanu ndipita kwa amalume, Alinafe ali pomwepo, ndikanene zonse. Mwina sadzandiyang'ananso kumaso, sindikudziwa. Koma ndinafuna kuti muyambe kumva ndinu. Ndikhululukireni, amayi anga.

Ndimakukondani, ndipo ndikulonjeza kuti njingayi sichoka pakhomo pano itasenza mlandu wanga.

Ndine mwana wanu,
Yohane