Mazda ya Gabrieli Imalira M'mamawa

Lolemba, 23 Julayi 2007

Yakana. Ndapotokola kiyi mpaka chala kuwawa, imangoti wiii wiii ngati makina osokera, kulira osalira. Dzulo lomweli Pardon, mnzake wa malemu mwamuna wanga wa kuwekishopu, anabweretsa batire lobwereka, inalira bwinobwino itakhala chete kuyambira pa maliro. Lero ndabwera kogulitsa mandasi, zii.

Loweruka tikutuluka m'nyumba muno. Ndi ya kampani ya mgodi wa malasha, ndipo mwini ntchito, Gabrieli wanga, tinamuika m'manda mu Epulo. Ine, mwana wanga Letty ndi apongozi, bambo Feliciano, tikupita kwa mchemwali wanga ku Empumalanga, mbali ina ya tawuni yomwe ino. Katundu akwera lole ya kutchalitchi. Nanga Mazda? Alamu anga a Dominiko anena poyera: ikapanda kutuluka pageti yokha Loweruka, aipereka kwa bambo wina amene amadula magalimoto n'kupanga ngolo. Galimoto imene G. ankaipukuta ndi malaya ake, ikokedwe ndi abulu! Mtima wanga ukukana.

Lachiwiri, 24 Julayi

Pardon wabwera ataweruka. Watsekula boneti, wayang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga nyuzi ya Chitchaina.

"Mai Letty, mina angazi, sindikudziwa ine. Injini yopanda mapisitoni! M'kati muli zinthu ziwiri za makona atatu ngati samusa, zimangozungulira. Gabrieli sankalola munthu kuigwira."

Wamasula mapulagi onse anayi. Akuda bii, onyowa, fungo la petulo lokhalokha. Akuti yamwa petulo wambiri, yatsamwa. Ndinawaumitsa pa mbaula ya malasha ngati ndikuotcha chimanga, iye n'kudontheza oilo pang'ono m'mabowo. Kenako amuna a mu laini yathu anaikankha kutsetsereka, ine pa chiwongolero, giya yachiwiri monga anandiphunzitsira G. Inatsokomola, inatsokomolanso, basi n'kulira. Utsi komboni yathu ya Lwendulu yonse! Siphiwe wa nyumba yoyandikana anatuluka akukuwa chifukwa cha matewera ake pachingwe.

Bwenzi nditaipititsa ku Empumalanga lero lomwe, koma pamalo pomwe ikaime pali kashedi ka munthu wa lendi, akuchoka Loweruka m'mawa. Kuisiya pamsewu usiku umodzi, kukacha uipeza yakhala pa njerwa. Ndaibweza pansi pa mtengo wa mango. Lero ndigona tulo.

Lachitatu, 25 Julayi

Yakananso. Mapulagi onyowa ngati dzulo. Zikutheka bwanji?

Pardon wandifunsa ngati ndinailiza m'mawa. Ine? Ndimatuluka kusanache ndi beseni pamutu kukadikira a shifiti ya m'mawa, Letty n'kumusiya kwa anzake opita nawo kusukulu. Kiyi amakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, pansi pa chipewa cha kumgodi cha G. Ndamupeza pomwepo.

Ndafunsa apongozi, ali padzuwa ndi wailesi yawo yopanda mabatire: "Ababa, panabwera munthu pano?" Iwo: "Aikona," ndiye kuti ayi. Basi. Chichokereni kumanda mawu awo ndi owerengeka.

Lachinayi, 26 Julayi

Lero aliyense ndi dokotala wa Mazda. Wina akuti koilo. Wina akuti petulo wa m'zigubu wochokera ku Zambia amamusakaniza ndi palafini. Wina, amene ngakhale njinga alibe, akuti injini zozungulira zimadana ndi fumbi la malasha. Pardon wasintha koilo, watsuka kabureta, wapukuta chilichonse chopukutika. Taikankhanso, yaliranso. Nanga vuto linali koilo kapena kabureta? Iye akungokanda m'mutu.

Ndiye Siphiwe wandiitanira pa mpanda, mawu apansipansi. "NaLetty, imota iyakhala ekuseni." Akuti galimoto imalira m'mamawa ine nditachoka. Imalira pang'ono, kenako zii. Waimva masiku onsewa koma amaopa kusuzumira. "Ndi mwini wake. Sakufuna kusamuka."

Ndinamuseka. Nditalowa m'nyumba ndinayamba kuganiza. Wakuba? Wakuba wanji woliza galimoto n'kuisiya, kiyi n'kumubweza pa msomali? Madzulo ndinatenga kabotolo ka madzi odalitsa, n'kuwaza pa boneti ndikuyang'ana uku ndi uku kuti anthu asandione. Ndinanena motsitsa: Gabrieli, ngati ndiwe, lankhula zomveka, ine mutu waima. Uli moyo sunali wa zobisabisa.

Petulo watsala pansi pa chigubu. Kugalaja kulibe ndi dontho lomwe.

Lachisanu, 27 Julayi

Yakana. Sindinadabwe n'komwe, ndipo zimenezo n'zimene zandiopsa.

Masana a Dominiko afika ndi bambo wa ngolo uja. Wagwada kumbuyo kwa galimoto, akuyeza pakati pa matayala ndi chingwe, ngati telala. Akuti mipando akaika pakhonde pake. A Dominiko: "Mlamu, chitsulo ndi chitsulo. Mukulimbana ndi chinthu choti mwini wake yekha ndiye ankachimva." Mwina akunena zoona, ndiye zikundipsetsa mtima kwambiri. Apongozi ataona chingwe chija ananyamuka, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Taumitsanso mapulagi, taikankha, yalira. Pardon akuti mapulagiwo atopa nako kuotchedwa, ndipo batire likubwerera kwa eni ake mawa masana. Ikatsamwanso, basi.

Tikukankha ndinakumbukira kanthu. G. sankangoisuntha galimotoyi kuichotsa padzuwa ngati anthu ena. Akailiza, ankapita mpaka msewu wa ku Kamandama n'kubwerako. Ine ndinkalalata kuti akuwononga petulo, mwinanso pali kamkazi kumeneko. Iye ankangoseka: "Iyi ukaidzutsa uiyendetse mpaka itenthe. Ukaizimitsa yozizira imakwiya." Ndamuuza Pardon. Waomba m'manja: "Yebo! Ndi zimenezo!" Kenako nkhope yagwa. "Koma akuidzutsa ndani?"

Mawa mandasi kulibe, ufa wandithera ndipo mbale sindinamange. Kiyi ndimafuna kugona naye, koma kuchotsa chinthu pansi pa chipewa chija dzanja likulemera. Ndamusiya.

Loweruka, 28 Julayi

Ndikulemba nditakhala pa katoni, kwa mchemwali.

Kusanache ndinatuluka ndi beseni monga mwa masiku onse, koma ndimangokabweza kwa Siphiwe, ndi lake. Tili pakhomo pake tikunong'onezana, kuzizira kolasa m'mafupa, ndinangomva vuuu kuseri kwa mpanda. Siphiwe anagwira mkono wanga. Ine beseni pansi, patapata wina anatsalira pageti, liwiro.

Pa mpando wa dalaivala panali apongozi. Avala jekete la G., chipewa chija chili pamiyendo, maso atseka. Dzanja linali likupita kale pa kiyi.

"Ababa, musazimitse!"

Anadzidzimuka ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Pang'ono pokha, amake Letty. Ndikudziwa petulo ngwovuta. N'chifukwa chake ndimazimitsa msanga."

"Masiku onsewa ndinu?"

"Munandifunsa za munthu wobwera. Ine sindine wobwera." Injini inali ikunjenjemera. "Ikalira chonchi, ndimamva ngati wafika kuchokera ku shifiti. Ndimangofuna kumva, basi."

Sabata yonse! Koilo, kabureta, madzi odalitsa, msana wa amuna a laini yonse. Ndinafuna kukalipa. Ndinapezeka ndikuseka, misozi ili chuchuchu. Ndinawauza zimene ankanena mwana wawo, kuti ukaidzutsa uiyendetse. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kiyi, n'kubweza dzanja pang'onopang'ono.

"Ndiye ndimaipha ndine?"

"Sunthirani uko, Ababa."

Ndinakuwira Siphiwe kuti andionere Letty. Tinatuluka pageti phazi limodzi lopanda nsapato, utsi kumbuyo, a shifiti ya m'mawa akutiyang'ana pa siteji. Petulo ndinkadziwa kuti ngwongokwanira ku Empumalanga, mwina ndi kukhota kamodzi. Tikufika pa mphambano iwo anati, "Khoterani kumanda." Chiikireni maliro anali asanapitekonso, miyendo siyiwalola. Ndinakhota.

Ndinaimika pafupi ndi mtanda wa G. momwe msewu unalolera. Singano ya kutentha inali itakwera, tsopano injini ikanatha kuzima osakwiya. Nditatambasula dzanja kuti ndizimitse, apongozi anandigwira pamkono, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire ine pabanja pano. Anatsitsa galasi la mbali yawo mpaka pansi.

"Aikona. Isiyeni pang'ono, amve nayenso."