Duwa la Tadala pa Windo la Pabalaza

24 Ogasiti, Chipoka

Wina andiyankhe, ngati wanzeruyo alipo: chomera chosabala chipatso, masamba ake osadyedwa, mthunzi wake sungakwane ngakhale mwanapiye, ntchito yake n'chiyani? Ine Yakobo ndakonza mainjini a maboti zaka makumi atatu popanda wondiphunzitsa. Chitsulo chilichonse chimandiuza ntchito yake. Ichi chili duu.

Akuti ndi duwa. Maluwa ake palibe. Masamba asanu ndi awiri, obiriwira, a mizere yoyera, m'kachitini ka pulasitiki. Wabwera nalo Tadala, mwana wanga, pochokera kumaliro ku Maganga. Zaka ziwiri osaponda pano, chichokereni tsiku la chinkhoswe chake, pamene ndinanena pagulu kuti mwamuna wakeyo, Davie, manja ake ndi a munthu amene sanagwirepo ntchito. Ndinanena zoona.

Sanakhale pansi. Anangoima pakhomo. "Tikusamuka nyumba ku Lilongwe, lingathyoke. Muzingolithirira, bambo. Ndidzalitenga pa Tsiku la Anakubala."

Sanapatse mayi ake. Wapatsa ine.

31 Ogasiti

Ndinaliika pabwalo, padzuwa, monga chomera chilichonse. Pofika masana masamba awiri ngati fodya wa m'chigafa. Akazi anga, a Eveles: "Anati ndi la m'nyumba. Munali pomwepo." Ndinalidi pomwepo. Ndinkayang'ana nkhope ya mwana.

Lalowa. Pa windo la pabalaza, pofika kuwala koma osati dzuwa. Masamba asanu.

9 Sepitembala

Madzi a pa mjigo wathu ndi amchere. Pamwamba pa dothi payera ngati pawazidwa ufa. Tsopano ndikumatunga kunyanja, botolo limodzi, m'mawa. Binali, mwini boti, wandiona nalo. "A Yakobo, ndi injini yanji yomwa madzi?" Ndamuuza kuti ndi yake, n'chifukwa chake imabwera kwa ine mwezi ndi mwezi.

Fumbi lachuluka. Ndapukuta masamba ndi kansalu konyowa, limodzilimodzi. Chitseko chotseka.

18 Sepitembala

Silikukula. Masabata atatu, tsamba latsopano ayi. Chikanakhala chimanga bwenzi chili m'mawondo. Mbewu ikaima ndiye kuti ili ndi njala, zimenezo aliyense amadziwa. M'thumba munatsala feteleza wa chimanga wa chaka chatha. Chitsekero cha botolo chimodzi pa phando, monga kumunda. Ndawonjezera chachiwiri poti nthawi yatha. Afike apeze masamba khumi.

21 Sepitembala

Lapsa.

22 Sepitembala

Masamba onse asanu alefuka, m'mphepete mwada ngati waya wopserera. A Eveles aliyang'ana, apita kukatsuka mbale. Mbalezo zimamveka mpaka kumsewu. Ndaswa kapu. Kapuyo inalibe mlandu.

Ndalizula, ndatsuka mizu monga nditsukira kabuleta, yowola ndadula ndi lezala. Dothi lina: mchenga pang'ono ndi zowolerana za pansi pa mango. Chatsala ndi kachitsa, kutalika ngati chala.

Tadala waimba foni kwa mayi ake. Ndinamva akumuyankha, "Lili bwino, likusangalala." Ndatuluka panja.

4 Okutobala

Kutentha. Malata akuthetheka. Kachitsa kali chomwecho. Madzi ndikumathira dothi likauma mpaka pa mfundo yoyamba ya chala, osati tsiku lililonse. Izi ndazidziwa ndekha. Mochedwa.

8 Okutobala

M'mbali mwa kachitsa muli kanthu kobiriwira, kosongoka, ngati njere ya mpunga. Ndavala magalasi. Kalipo. Ndavula, ndapukuta, ndavalanso. Kalipo.

Sindinauze munthu.

Mawa ku Khombedza, chigayo cha a Anderson chafa. Masiku anayi. Ndawauza a Eveles: osathirira, osakhudza.

13 Okutobala

Ndabwerako. Pa windo pali duwa la masamba asanu ndi anayi, onyezimira. Kachitini komweko.

A Eveles akupeta mpunga, osadzutsa mutu: "Mulungu ndi wamkulu, bambo a Tadala."

Ndi wamkuludi. Koma sasintha dothi. Langa linali lamchenga, ili ndi lakuda bii. Ndafunsa kawiri. Kachitatu ndakweza mawu, nkhuku zathawa. Avomera. Anakwera minibasi mpaka ku Senga Bay, anakalipeza kwa bambo wina wosamalira maluwa pa loji. "Mwana akubwera mkuja. Mukufuna atitaye zaka zinanso ziwiri? Sadzadziwa."

Mwina sadzadziwadi. Ndi lokongola kuposa lake lija.

14 Okutobala

Kuntchito sindinapite. Binali watuma uthenga kawiri, adikire. M'mawa wonse ndakhala moyang'anizana nalo duwa lachilendoli. Silindidziwa, sindilidziwa.

Ndinachititsa manyazi mwamuna wa mwana wanga pamaso pa anthu, ndikudziguguda kuti ine sindibisa mawu. Ndiye mawa ndimupatse mwanayo bodza la masamba asanu ndi anayi, iye anene zikomo bambo, mwasamala?

Ndafukula padzala kufuna kachitsa kaja. Palibe. Kenaka a Eveles aulula kuti sanataye. Anapereka kwa a Naima, oyandikana nafe, kuti ndisakaone. Kali m'chitini cha mafuta kuseri kwa bafa lawo. Padzuwa. Potayira madzi a sopo. Tsiku lachinayi lero. Ndinasuzumira pampanda, sindinathe kuona ngati kamphukira kaja kadakalipo. A Naima apita ku Salima, geti n'lokhoma. Munthu wa zaka zanga sadumpha mpanda wa mayi wamasiye. Ndinaganizako.

Tadala aone kachitsa kake. Ndimuuza kuti ndinaotcha ndine, ndi feteleza wa chimanga, zitsekero ziwiri. Kamphukira kakakhalapo ndimuonetsa. Kakakhala kuti kafa, ndimuonetsa pamene kanali. Akafuna kupsa mtima apse, ali ndi kotengera. Akabwera ndi Davie, mpando ulipo. Zoposa pamenepo sindinalonjeze.

A Eveles akuti ndikuwononga zonse ndi liuma langa. Akuliranso. Mwina akunena zoona, nthawi zambiri amanena zoona. Ndawayankha modekha, mmene ndingathere. Munachotsa ndinu, mayi a Tadala. Mukakhale pa geti la a Naima mpaka abwere. Kachitsako kabwerere lero, m'kachitini kake, pa windo pake, basi ya ku Lilongwe isanafike. La ku Senga Bay mudziwa kolipititsa.