Khoma Loyang'ana Kumsewu

Chisomba, Mfuwe
14 Okutobala 2024

Nyumba za m'mbali mwa msewu kuno ku Chisomba: 38
Zopakidwa penti khoma limodzi: 29
Zolembedwa mtanda wofiira: 9
Mijigo: 2. Yotulutsa madzi: palibe
Njovu ya simenti: 1

Okondedwa amake Ennie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka kumeneko pamodzi ndi mwana wathu Steward ndi banja lake. Ine ndilipo, kupatula bondo lija ndi kutentha kwa mwezi uno, kumene simunakuiwale. Musaseke mawerengero ali pamwambawa. Munthu amene anakalambira pa bolodi akuphunzitsa masamu sasiya, ndipo ndafuna muyambe mwaona manambala musanamve mseru umene ndili nawo.

Chitukuko chafika kwathu, mng'ono wanga. Mu Ogasiti anabwera a khonsolo, motsogozedwa ndi a Obrien, mkulu wa mapulani amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Kitwe. Anati akufuna kumva kwa eni akefe chimene chiyambe kukonzedwa. Ife amayi tinali titagwirizana kale potuluka m'tchalitchi. Choyamba mjigo, chifukwa atsikana akukatunga kumtsinje, pomwe ng'ona inagwira mbuzi ya anansi athu a Gladys. Chachiwiri ngalande, kuti mvula isamatitengere za m'zimbudzi n'kudzatisiyira pakhomo. Fungo la mu Febuluwale mukulikumbukira. Wokayankhula anasankha ine.

Koma mukudziwa m'mene timachitira kuno. Mlendo akayankhula timaomba m'manja, kaya wanena zokoma kaya zowawa, ndi ulemu chabe. Woyamba kuyankha ndi mwamuna wamkulu, kenaka amuna ena, amayi pomaliza. A Obrien anatambasula chipepala cha zithunzi, nati msewu wochokera ku bwalo la ndege ndiwo nkhope ya dera lathu, ndipo alendo odzaona nyama asamayambe kuona umphawi asanaone nyama. Nyumba zooneka bwino zipakidwe penti, zonyansa zisamuke, pamphambano paimikidwe njovu ya simenti. Tinaomba m'manja. Ndinatembenuka kuti ndione amene sanaombe, sindinampeze, ndipo manja anga omwe anali akulira.

Ndiye anaimirira a Amon, mwamuna wamkulu pa onse m'mudzi muno, amene anali atapatsidwa mpando wapulasitiki kutsogolo ndi chakumwa chozizira. Anathokoza boma, anathokoza khonsolo, anathokoza ndi dalaivala yemwe. Anafotokoza m'mene ankanyamulira zikwama za azungu ku malo ogona alendo a Nkwali ali mnyamata. Za madzi sananene, poti iwo madzi amawapeza ali kale m'beseni. Amuna ena awiri anabwereza zomwezo. Nthawi yathu itakwana, a Obrien anali akupinda chipepala chawo, nati akuyamikira kuti tonse tavomera, m'manja mwamveka bwino.

Ndinaimirira ndi bondo langali.

"Bambo, kuno kuomba m'manja si kuvomera."

"Ndikudziwa, amama, kuno si kwachilendo kwa ine," anatero akuseka. "Koma m'lipoti ndilemba zimene ndamva."

Delia mng'ono wanga, ndikanakhululuka akanakhala kuti sadziwa. Munthu wadziwa ulemu wathu, wausandutsa chingwe chotimangira. Chonyansa ndi chimenecho, kuposa madzi a m'zimbudzi aja. Ndipo a Amon anandikalipira pamaso pa anthu kuti sukulu inandiononga, sindidziwa kulandira alendo.

Openta anabwera sabata yotsatira. Anapenta khoma loyang'ana kumsewu lokha. Nditafunsa za makoma atatu otsala, wina anandiyankha kuti mzungu ali m'galimoto saona kuseri. Tsono nyumba yanga kumaso ndi yachikasu ngati dzira, kumbuyo ili ndi mng'alu uja wa chigumula, umene tsopano dzanja limalowa mpaka m'chigongono. Anandiletsanso kuyanika mfutso kumaso kwa nyumba. Njovu ya simenti yaima pamphambano, khutu lina lalikulu lina laling'ono. Njovu zenizeni zinaidutsa dzana osaiyang'ana n'komwe, zikupita kukathyola mango a a Gladys.

Ndazungulira mokwanira. Pa nyumba zisanu ndi zinayi za mtanda wofiira, imodzi inali ya mwana wanu Ennie. Ndati inali. Anaigwetsa pamodzi ndi kantemba kake kogulitsiramo tomato, usipa ndi zitumbuwa, kamene kamadyetsa ana chimwalirire bambo awo a Abraham. Anamulonjeza malo pa msika watsopano. Msikawo uli ndi timashopu khumi ndi tiwiri, ndipo timashopu tonseto tapita kwa ogulitsa ziboliboli ndi kwa akazi a anthu a m'maofesi. Ennie anauzidwa kuti usipa umaitana ntchentche. Malo omanga nyumba anampatsa, inde, kudambo kuja tinkagwira milamba ndi manja tili atsikana. Ndinapita kukaona. Dothi lake ndi lija lakuda lothetheka ming'alu m'chilimwe, ndipo chizindikiro cha madzi a chaka chatha chidakaoneka pamitengo, chofika m'chiuno mwanga.

Ennie ndi ana atatu ali kwa ine. Ndawagoneka m'chipinda cha kumaso, cha khoma lokongola lija. Ine ndikugona kumbuyo, pafupi ndi mng'alu, ndipo ndimaonera nyenyezi pomwepo. Khoma limenelo mvula ya chaka chino silipirira, ndipo kum'mawa mitambo yayamba kale kusonkhana.

Ennie anandipempha kuti ndisakuuzeni. Ankasenda chinangwa, osandiyang'ana.

"Amayi aakulu, musawalembere. Adzangoti ndinakuuza."

Mawu amene munasiyana nawo pamaliro a Abraham ndinawamva, ndinalipo. Simunkafuna ukwati umene uja, ndipo munati wasankha yekha kukhala m'mbali mwa msewu ngati wamasiye. Sindikuweruza mlandu umenewo. Mwamunayo anagona, nyumbayo inagwa, chotsala chokanganira ndi chiyani?

Pempho langa ndi ili. Malo a amayi athu pachitunda paja, pamene madzi sanafikepo ngakhale chaka cha chigumula chachikulu, anagwera inu. Munati munthu asakhudzepo kufikira mutabwerera kudzapuma. Ndawasunga monga munanenera, ndimalambula chaka ndi chaka. Koma malo a amayi ndi a ana aakazi ndi ana awo, ndipo Ennie ndi wa mimba yomweyo. Muloleni amangepo zipinda ziwiri. Mukadzabwera, chachitatu chidzakhala chanu, ndipo mudzapeza moto uli woyaka, osati thengo. Ku khonsolo sindibwererako kukapempha. Ndinapitako kamodzi, anandikhazika pa benchi, kenaka anandipatsa kalendala ya chithunzi cha njovu ija.

Akupereka moni a Gladys, akuti mafuta a miyendo munawalonjeza aja sanaiwale. Pa ana a Ennie, Sydney akuchita bwino sukulu, ngakhale mabuku ake ena anatsalira pansi pa njerwa tsiku logwetsa nyumba. Cynthia wayamba kufanana nanu pamphumi, ndi mtima wapachala womwewo. Precious, wamng'ono uja simunamuonepo, anandifunsa ngati nyumba ya agogo a ku Lusaka ndi yopentedwa mbali zonse. Ndinamuuza kuti adzawafunse yekha. Ennie sanapereke moni chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, koma chitenje chanu chobiriwira chija ndicho anayamba kutulutsa m'nyumba anthu aja atafika ndi zitsulo.

Nditseke monga ndinatsegulira.

Okhala m'nyumba mwanga mu Julayi: 1
Lero: 5
Makoma odalirika: 3
Njerwa zoumbidwa kale pamalo a amayi: 1,400
Zosweka poyanika: 26
Amene ndinawapempha chilolezo: palibe

Mwaona. Pa ichi sindinadikire kuti akuluakulu athe kuyankhula. Ngati mukukana, mng'ono wanga, musandiombere m'manja. Bwerani mudzakane ndi pakamwa, mutaima pachitunda pomwepo, Precious akukuonani.

Ine mkulu wanu wa bere limodzi,
Tabeth